Utoto Wosamva

Lero mtsinje wa Noyyal wavala zofiira.
Dzulo unali wobiriwira ngati khosi la nkhunda.
Za mawa adziwa ndi eni mafakitale a ku Tiruppur kuno,
kutengera malaya amene aitanitsa a kutsidya kwa nyanja.

Ndatungako theka la lita m'botolo,
ndabwera nalo ku labotale, kuseri kwa moyanikira nsalu,
kumene pa chitseko analemba dzina langa molakwika,
Thenmozhi wosowa chilembo chimodzi,
ndipo ndinatopa kuwakumbutsa.

Ndaviika nsonga ya chitsulo m'madzimo, chala chimodzi basi,
ndadina batani.
Chitsulo chikunjenjemera ka zikwi makumi awiri pa sekondi,
malungo osaoneka ndi maso,
mawu okwera kupitirira pomwe khutu langa limalekezera.
Ine ndikungomva kasiii kotsalira, ngati mafuta pa chiwaya,
koma galu wa mlonda Palanivel wanyamuka kale,
wakagona kutali, patsinde pa mtengo wa nimu.

Amati chakudza sichiimba ng'oma.
Ichi chimaimba, kungoti sitinaitanidwe ku gule wake.

M'katimo mawu akankha madzi, awakoka,
akankha, awakoka,
mpaka madziwo ang'ambika timabowo,
tithovu tochepa kuposa fumbi la thonje.
Kathovu kabadwa, katupa, katupanso,
kenaka phwa! kadzigumukira m'kati.
Moyo wake wonse sukwana kuphethira kwa diso,
koma pa imfa yakeyo m'mimba mwake mumayaka
madigiri zikwizikwi, ngati pankhope pa dzuwa,
pamene galasi m'manja mwangamu langofunda pang'ono.

Pa moto wotere ngakhale madzi banja lawo limatha.
Haidirojeni mmodzi athawa.
Otsalawo, okosijeni ndi mnzake,
atuluka ndi njala ya chiwewe
kuluma chilichonse chili pafupi.
Chili pafupi ndi utoto,
mkanda wautali umene akatswiri anaulunzanitsa dala
kuti usasuluke ndi dzuwa, ndi sopo,
ndi thukuta la munthu wothamangira sitima ku dziko lozizira.
Auluma pamfundo penipeni.
Wadukapo. Zidutswa azilumanso.

Mphindi makumi anayi: psuu uja wasanduka madzi otsukira nyama.
Ola ndi theka: mbee.

Bambo anga anaponda m'maenje a utoto zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Tsiku lowasambitsa komaliza
azakhali anakhula ndi sopo, ndi ndimu, ndi phulusa,
manja anakana, abuluu mpaka m'zigongono.
Ankakonda kunena akudya, mpunga uli mbuu pakati pa zala zakudazo:
mwanawe, utoto wabwino ndi wosamva.

Bambo, ndapeza mawu amene umamva.

Komabe sindikumwa madziwa.
Kuyera kwa maso si kuyera kwa chiwindi.
Zidutswa zina zilibe mtundu koma ukali zikadali nawo,
mawa ndiziyeza, ndiponyamo tizilombo ta m'thamanda
ndione ngati tifika madzulo tikusambira.

Ndiponso mtsinje si theka la lita.
A Rangasamy, eni fakitale, anabwera Lachitatu,
anayang'ana galasi, anayang'ana mita ya magetsi,
nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira galasi,
nafunsa: pa malaya amodzi ziwonjeza marupi angati?
Ndinawauza. Anakanda kuseri kwa khutu.

Tsopano ndi usiku. Ndazimitsa makina.
Chete amene watsala ndi wosiyana ndi chete uja,
mano asiya kunyerenyesa.
Ndalemba nambala m'kope, ndatsuka galasi.
Galu wabwerera pakhomo, wazungulira kawiri, wagona.
Kumunsi kwa mpanda wina watsegula paipi,
ndikumva madzi akuthirira mumdima,
ndipo mtundu wake ndiuona m'mawa
ndikamadutsa pa mlatho ndi botolo langa.